Cuma ca munthu mmodzi: amaciwerenga bwanji?

Mukamva pa wailesi kuti dziko lakuti ndi lolemera kuposa linzake, kawirikawiri akunena nambala imene pa Cipwitikizi amati PIB per capita. Amaphatikiza mtengo wa zonse zimene dziko lapanga pa caka: nsomba, cimanga, malasha, magetsi, ngakhale nchito ya mphunzitsi. Akatero amagawa ndi ciwerengero ca anthu. Mu 2023, munthu mmodzi ku Mozambique anagwera madola pafupifupi 600, pamene ku South Africa anali pafupifupi 6,000.

Zigawo za dziko nazonso amaziyerekeza motero. Mzinda wa Maputo uli pamwamba, Niassa wathuyu ali m'munsi ndithu.

Koma muisamale nambala imeneyi. Tinene kuti ngalawa yafika pagombe la Chiwanga ndi ndowa 20 za usipa, asodzi alipo 5. Papepala, aliyense ndowa 4. Inu mukudziwa kuti pagombe sizitero ayi: mwini cilimila amatenga gawo lalikulu, alovi n'kugawana zotsala. Ku Tete ndi cimodzimodzi. Malasha a ku Moatize ndi magetsi a Cahora Bassa amakweza nambala ya cigawoco, koma mlimi wa mbatatesi ku Angónia ndalamazo saziona m'thumba mwake.