Zionetsero za M'tchire (Lusaka, 2020)

Zionetsero za m'tchire zidachitika pa 22 June 2020, apolisi atakaniza achinyamata a mu Lusaka kuguba podalira lamulo la Public Order Act la 1955. Achinyamatawo, kuphatikizapo woimba Pilato, adakabisala kutchire n'kuulutsa madandaulo awo okhudza katangale ndi ulova pa Facebook. Kufunika kwa zionetserozi n'kwakuti zidasamutsa bwalo la ndale kuchoka pamsewu, pomwe apolisi ndi makada a chipani anali ndi mphamvu, kupita pafoni.

Ena amati imeneyi inali ndale ya ophunzira, poti wa ku Kanyama kapena ku Chawama sakwanitsa kugula bandulo tsiku lililonse. Komatu m'komboni foni imodzi imaonedwa ndi anthu ambiri, pamsika ndi m'basi momwe. Boma lenilenilo lidaopa: pa chisankho cha 12 August 2021 WhatsApp ndi Facebook zidatsekedwa, mpaka bungwe la Chapter One Foundation lidatengera bungwe loyang'anira za mauthenga la ZICTA kukhoti lalikulu, lomwe lidalamula kuti zitsegulidwe. Chodetsa nkhawa n'chakuti bwalo la pa Facebookli ndi la kampani ya ku America, yomwe ovota a ku Matero sangaifunse kanthu.