Kunoka

Pamagalaja a m'mbali mwa msewu wa M12, ku Mpingu kapena ku Namitete, makaniko akati "injini yanoka", mwini galimoto amadziwa kuti ndalama za fodya zapita. Mawuwa anachokera ku Chingelezi, komwe amatanthauza kugogoda, koma kwathu kuno tanthauzo lake linakula. Kugogoda ndi phokoso chabe. Kunoka ndi kuwonongeka kwa m'kati, makamaka mabering'i a pa crankshaft akadyeka chifukwa chosowa oilo.

Pa Hilux yakale kapena Peugeot 504 yomwe yasenza matumba zaka zambiri kuchokera ku Nsaru, makaniko wodziwa ntchito sathamangira kugula zipangizo. Amayamba wakhutula oilo m'beseni n'kumuyang'ana padzuwa. Akaona tizitsulo tonyezimira, amamasula sampu, kenako amayendetsa chikhadabo pa crankshaft. Chikakola m'mizere, chitsulocho chiyenera kukapalidwa ku Lilongwe ndipo pafunika mabering'i okhuthalirapo.

Oilo wooneka ngati tiyi wamkaka ndi vuto lina: madzi alowa, kawirikawiri kudzera pa gasiketi. Ena amatchulanso zimenezi kuti kunoka, koma n'kulakwitsa komwe kumagulitsitsa injini yabwinobwino pamtengo wozizira.