Mmene Angerezi Anaphunzirira Kubweza Nsomba M'madzi

Ku Nkhotakota kapena ku Nsanje, munthu amene wachezera usiku wonse pagombe, nakola nsomba yolemera ngati mwana wa zaka 5, kenaka n'kuibweza m'madzi, anthu angamuyese wozungulira mutu. Ku England munthu wotere amalemekezedwa, ndipo amene angapite nayo kukhitchini nsombayo ndiye amalozedwa chala. Nsomba yake ndi carp, mbale wa ntchila ya m'nyanja ya Malawi: ya mamba akuluakulu, milomo yochindikala ndi tindevu 4 m'mbali mwa kamwa, ndipo imatha kukhala ndi moyo zaka zoposa 40. Mwambowu si wamakedzana ayi. Unakhazikika agogo a lero akadali ana, ndipo mbiri yake imaoneka bwino pa zida zowedzera.

Carp si mbadwa ya England. Kwawo ndi ku Asia ndi m'mitsinje ya kum'mawa kwa Ulaya monga Danube. Buku lina la usodzi losindikizidwa mu 1496 limasonyeza kuti nthawi imeneyo nsombazi zinali zochepa m'dzikomo. Ankaziweta m'maiwe kuti zikhale ndiwo, monga mmene anthu a ku Poland ndi ku Czech Republic amazidyerabe pa Khirisimasi. Nsomba za m'nyanja yamchere zitayamba kufika mosavuta m'misika ya kumtunda, Angerezi anataya nayo mtima ndiwo ya m'dziwe. Carp zinatsala zokha m'maiwe a eni minda ikuluikulu, zikunenepa, ndipo zinatchuka kuti n'zochenjera kotero kuti zazikulu sizikoleka ndi mbedza. Albert Buckley atakola ya mapaundi 26, pafupifupi makilogalamu 12, m'damu la Mapperley mu 1930, panapita zaka 21 popanda womuposa.

Zinthu zinasinthira pa dziwe laling'ono la maekala 3 lotchedwa Redmire, m'dera la Herefordshire. Mu 1934 wogulitsa nsomba zoweta, Donald Leney, anathiramo ana a carp 50. Madzi anali achonde, osodza panalibe, ndipo nsombazo zinakula modabwitsa. Mu 1951 Bob Richards anakolamo ya makilogalamu 14. Chaka chotsatira, pa 13 September 1952, Richard Walker anavuula ya mapaundi 44, omwe ndi makilogalamu 20, nyambo yake ili buledi wamba.

Walker anali injiniya, ndipo sankakhulupirira mwayi. Anakonza yekha ndodo yowedzera ya nsungwi zong'ambidwa ndi kumatidwa pamodzi, yotchedwa Mark IV, yolimba mokwanira kulimbana ndi nsomba yaikulu koma yopindika kuti chingwe chisaduke. Anakonzanso kachipangizo ka magetsi kolira chingwe chikakokedwa, kuti munthu athe kuwedza mumdima wa ndiwe yani. Iye ndi anzake ankayenda monyang'ama m'mbali mwa dziwe, osalankhula mokweza, osayatsa nyali; akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Komabe chimene chinasiya chizindikiro chachikulu ndi zimene anachita m'mawa mwake. Chizolowezi cha nthawiyo chinali chopha nsomba yoswa mbiri, kuiumitsa ndi kuiika m'bokosi la galasi. Walker anakana. Anaimbira lamya ku London Zoo, ndipo nsombayo, imene inadziwika ndi dzina lakuti Clarissa, inakakhala kumeneko pafupifupi zaka 20, anthu akubwera kudzaiona. Pamene Chris Yates anaposa mbiriyo pa dziwe lomwelo mu 1980, ndi nsomba ya makilogalamu 23 yokoledwa ndi njere za chimanga, sanaipititse kulikonse. Anaiyeza, naijambula, naibweza m'madzi.

Apa mpamene panabuka vuto limene msodzi wophera ndiwo salidziwa. Nsomba yodyedwa siphunzira kanthu, koma yobwezedwa imakumbukira, pakuti m'mphechepeche mwa njovu sapitamo kawiri. Carp ilibe mano pakamwa. Mano ake ali kukhosi. Ikamadya imayamwa chakudya pamodzi ndi matope, n'kulavula chimene yachikayikira. Nsomba zimene zinalawapo mbedza zinayamba kulavula nyambo iliyonse yomveka chitsulo kapena chingwe, msodzi kumtunda asanadziwe n'komwe kuti kwabwera mlendo.

Yankho loyamba linali la nyambo. Fred Wilton, wa ku Kent, cha m'ma 1970 anafalitsa nyambo yopatsa thanzi ya ufa wa mkaka wokanda ndi mazira. Timibulu take akatiwiritsa timalimba kunja, moti tinsomba ting'onoting'ono timalephera kutinyenyanyenya. Ndito timene lero timatchedwa boilie. Yankho lachiwiri, lomwe ndi lanzeru kuposa onse m'mbiri imeneyi, linachokera kwa Len Middleton ndi Kevin Maddocks kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Iwo anaika carp m'thanki ya galasi kunyumba, nakhala akuyang'anitsitsa kadyedwe kake. Ataona chimene chinkaziopsa, anachotsa nyambo pa mbedza, naimangirira m'munsi mwake ndi tsitsi lenileni la munthu, mbedza n'kutsala yamaliseche. Nsomba imayamwa nyambo yoyenda momasuka, mbedza n'kulowa pambuyo. Ikati ilavule, mbedza imakola mlomo wam'munsi. Maddocks anaulula njirayi m'buku lake Carp Fever mu 1981, ndipo dzina lakuti hair rig linatsalira ngakhale kuti lero amagwiritsa ntchito ulusi. Phindu lina limene linabwera nayo n'lakuti mbedza imakola pamlomo, pamene ichotseka mosavuta, osati kukhosi.

Nzeru inanso sinayende bwino chotero. Asodzi anayamba kumangirira mtovu wolemera pafupi ndi mbedza, kuti nsomba ikadzidzimuka n'kuthawa idzikole yokha. Njirayi imagwiradi nsomba. Koma chingwe chikaduka, nsomba inkapita ikukoka mtovuwo, ukakodwa m'mizu kapena m'udzu wa pansi pa madzi nsombayo n'kufera pomwepo ngati mbuzi yoiwalika pachikhomo. Asodzi okhaokha anadzudzulana kwambiri pankhaniyi, ndipo mapeto ake panakonzedwa kachipanira kamene kamamasula mtovu ukangokodwa. Lero eni maiwe ambiri amayendera zida za alendo, ndipo wopezeka ndi mtovu womangidwa mfundo amapitikitsidwa. Boma nalo linalowererapo pa mbali ina: mu 1987 linaletsa timitovu ting'onoting'ono towedzera, chifukwa mbalame za swan zinkatimeza n'kumafa.

Malamulo otsalawo ndi a pamtunda. Nsomba siigonekedwa pa dothi kapena pa miyala, koma pa mphasa yofewa yonyowetsedwa. Manja amayamba aviikidwa m'madzi, kuti asachotse nembanemba yoterera imene imateteza khungu lake. Wojambulitsa amagwada, nsomba ili pafupi ndi mphasa, kuti ikaphiriphitha isagwe kuchokera patali. Pabala la mbedza amapakapo mankhwala, ndipo maiwe ena salola mbedza ya kaminga kobwerera m'mbuyo. Maukonde amaumitsidwa padzuwa kapena kuviikidwa m'mankhwala asanalowe m'dziwe lina, poopa matenda a koi herpesvirus, amene kuyambira 2007 lamulo limakakamiza kuti akaoneka anenedwe ku boma.

Chifukwa chakuti mamba a carp zambiri amasiyana ngati nkhope za anthu, nsomba zazikulu zimadziwika ndi maina, ndipo munthu amatha kudikira imodzi yomweyo zaka zingapo. Two Tone, ya m'dziwe la Conningbrook ku Kent, inapitirira makilogalamu 30 isanafe mu 2010. Benson, ya ku Bluebell Lakes m'dera la Northamptonshire, inakoledwa ndi kubwezedwa maulendo 63. Itapezeka itafa mu 2009, nyuzipepala zikuluzikulu za ku London zinalemba za imfa yake. Mwini dziwelo anakayikira mtedza wosaphika umene unapezeka m'mbali mwa madzi, popeza pakati pa asodzi a carp lamulo n'lakuti mtedza ndi njere zouma ziyambe zanyikidwa ndi kuwiritsidwa zisanaponyedwe ngati nyambo.