Mudzi Womangidwa pa Miyala Yoyaka

Kum'mwera kwa mtsinje wa Zambezi, m'dziko la Anambya, kuli mudzi umene kale unali kuchedwa Wankie. Dzinali linacokera kwa mfumu ya dzikolo, Hwange, koma Azungu analephera kulichula bwino, ndipo linakonzedwa m'caka ca 1982. Eni dziko anadziwa kale kuti pansi pao pali miyala yakuda imene imayaka pamoto. M'zaka za m'ma 1890 Mjeremani wina, dzina lake Albert Giese, anamva mbiri ya miyalayo, napita kukaiona, napeza kuti ndi malasha ambirimbiri.

Koma malasha ndi katundu wolemera, ndipo pacifukwa ici mgodi sukanapindula popanda njanji. Njanji yocokera ku Bulawayo inafika ku Wankie mu 1903, mlatho wa pa Victoria Falls unatha mu 1905, ndipo mu 1906 sitima inalowa mu Broken Hill. Kuyambira pamenepo malasha a ku Wankie anayendetsa masitima, ndipo pambuyo pake anasungunula mkuwa wa ku Katanga ndi wa ku migodi ya kwathu kuno.

Tsono tifunse, anakumba malashawo ndani? Ambiri anali alendo: Alozi, Atonga, ndi amuna a ku Nyasaland, amene anasiya minda yao cifukwa ca msonkho. Ena anapita okha, ena anatengedwa ndi bungwe lolemba anchito limene anthu analicha Cibalo. Paja akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Dzikolo n'lotentha kopambana, ndipo m'komboni anthu anagona mothithikana. Cakudya cinali ufa wopanda ndiwo zokwanira, kotero kuti ambiri anadwala nthenda yotupa nkhama ndi kufooketsa miyendo, ena nafa ndi cibayo. Mu 1912 anchito anakana kulowa pansi cifukwa ca mabvuto amenewa, ndipo mu 1918 mliri wa fuluwenza unapha ambiri.

Mudzi wotere usiyana ndi mudzi wa makolo. Kumudzi munthu ali ndi munda, abale ndi manda a makolo ake, koma ku Wankie nyumba, madzi ndi posho zonse zinali m'manja mwa kampani. Munthu akacotsedwa nchito, tsiku lomwelo anataya ndi pogona pomwe. N'cifukwa cake anchito anadzipangira magulu oikana maliro, a magule ndi a mapemphero, kuti mlendo asafe ngati nyama ya m'thengo.

Ngozi yaikulu inadza pa 6 June 1972, pamene mgodi wa Nambala 2 unaphulika, nufetsa anthu 427, ena mwa iwo a ku Zambia ndi ku Malawi. Powerenga mbiri ya njanji ndi mkuwa timamva maina a eni makampani, koma maina a amene anakumba malasha sanalembedwe m'mabuku a sukulu. Ciyenera kuti okalamba amene anagwirako nchito afunsidwe akali ndi moyo, ndi kuti mau ao alembedwe.