Zipilala za Nkhondo ya ku Gettysburg

Gettysburg ndi tauni yaing'ono ya m'chigawo cha Pennsylvania ku United States, kumene kunakhetsedwa mwazi wambiri zedi pa nkhondo yapachiweniweni ya dzikolo. Kuyambira pa 1 mpaka pa 3 Julayi 1863, asilikali a boma, otsogozedwa ndi George Meade, analimbana ndi asilikali a zigawo za kumwera zimene zinagalukira boma pofuna kuteteza ukapolo, otsogozedwa ndi Robert Lee. A kumwera anagonja n'kubwerera kwawo, ndipo ophedwa, ovulala, ogwidwa ndi osowa a mbali zonse ziwiri anali pafupifupi 50,000. Lero m'minda ndi m'zitunda zimene anamenyeranamo muli zipilala ndi zikwangwani zoposa 1,300. Miyalayi imaloza molondola pamene asilikali anaima, koma chimene ankamenyera imachitchula mozemba, choncho woiwerenga ayenera kufunsa amene anaiimika ndi chaka chimene anaiimika.

Chikumbutso chinayambira kumanda. Mitembo itakwiriridwa mwachangu m'minda ya anthu, loya wa m'tauniyo, David Wills, anatsogolera ntchito yopeza malo oikapo asilikali a boma oposa 3,500. Pa 19 Novembala 1863, Edward Everett analankhula kwa maola awiri potsegulira mandawo, pamene Pulezidenti Abraham Lincoln analankhula kwa mphindi ziwiri chabe, koma mawu ake ndi amene akukumbukiridwa mpaka lero. Mitembo ya a kumwera sinaloledwe m'mandamo. Yambiri inafukulidwa m'zaka za m'ma 1870 n'kupita nayo ku Richmond ndi mizinda ina ya kumwera. Mu 1864 bungwe la Gettysburg Battlefield Memorial Association linayamba kugula malo a nkhondowo, mu 1895 boma linawatenga, ndipo kuyambira mu 1933 akusamalidwa ndi National Park Service. Zipilala zambiri za magulu a boma, a kumpoto, zinaimikidwa m'zaka za m'ma 1880 ndi asilikali amene anapulumuka. Chachikulu pa zonse ndi cha Pennsylvania, cha mu 1910, chokhala ndi mayina a asilikali oposa 34,000. Cha Virginia, chigawo cha kumwera, pamene Lee wakwera hatchi yake Traveller, chinadza mochedwa mu 1917. Mu 1938 Pulezidenti Franklin Roosevelt anatsegulira chipilala cha mtendere chimene pamwamba pake pamayaka moto.

Chokoma kwambiri pamalopa ndi mayina. Munda wa tirigu wa mlimi wamba unasanduka Wheatfield, munda wa mapichesi ndi Peach Orchard, kaphiri ka miyala ndi Little Round Top, ndipo matanthwe amene asilikali ankabisalamo ndi Devil's Den. Gulu lililonse linkayenera kuimika chipilala chake pamzere pamene linamenyerapo, ndipo timiyala ting'onoting'ono ta m'udzu timasonyeza pothera mzerewo kumanja ndi kumanzere. Nkhani ya malo inali yaikulu moti gulu la 72nd Pennsylvania linafika nayo kukhoti lalikulu la chigawocho, n'kupambana. Kunsi kwa chipilala cha 11th Pennsylvania kwagona galu wamkuwa, Sallie, amene nkhondo ya ku Gettysburg itatha anamupeza akulondera ovulala ndi akufa a gulu lake; alendo amamusiyira mabisiketi. Gulu la asilikali ochokera ku Ireland linaimika mtanda wa kwawo, galu wamkulu atagona patsinde pake.

Ena amati zipilala n'zongolira maliro, sizikhala ndi mbali. Chisoni chilipodi, koma miyala imasankha owalira. Asilikali a Lee anagwira anthu akuda ku Pennsylvania n'kupita nawo kuukapolo, ndipo Basil Biggs, munthu wakuda, anatsogolera anzake pofukula mitembo yopita kumanda a boma. Zimenezi zipilala zakale sizinena. Pamsonkhano wa mu 1913, pamene asilikali akale oposa 50,000 a mbali zonse anakumananso, zokamba zinali kulimba mtima ndi kuyanjana, ukapolo n'kuusiya pambali. Enanso amati zipilala za a kumwera zigumulidwe. Dandaulo lawo n'lomveka, makamaka pa zimene mawu ake amayeretsa chigalukiro, koma pabwalo la nkhondo chipilala chimalozanso pamene mdani anaima, ndipo kuchichotsa kungafafanize umboni wa mmene mibadwo yotsatira inakometsera nkhaniyo.

Akatswiri ambiri a mbiri amaona kuti Gettysburg ndi amodzi mwa malo amene nkhondoyo inatembenukira. Chofunika n'chakuti zipilala zikhalepo, koma pambali pa chilichonse pakhale chikwangwani chonena amene anachiimika, chaka chake, ndi anthu amene chinawasiya.