Njira ya ku Trinidad Inkadutsa pa Luchenza

Zilumba za m'nyanja ya Caribbean zili kutali kwambiri ndi dziko la Malaŵi, kutsidya kwa nyanja yaikulu ya Atlantic. Ndi maiko otentha, a mvula yambiri, kumene kumalimidwa nzimbe, nthochi, koko ndi khofi. Masiku ano maina monga Jamaica, Barbados ndi Trinidad amamveka pakamwa pa alendo achuma ofuna kukapumula m'mphepete mwa nyanja. Koma m'nthawi ya Atsamunda ulendo wa kumeneko unali wa ntchito, wokonzedwa ku London mu ofesi yoyang'anira maiko olamulidwa ndi Britain, ndipo anthu amene ankauyenda ndi omwewo amene ankalamula za malo, za msonkho ndi za kalimidwe m'dziko muno. Anthu a m'minda ya tiyi ya ku Thyolo sanakwereko sitima za ulendo umenewu, komabe zambiri zimene zinawagwera zinadzera m'njira yomweyo.

Njirayo inali yozungulira. Njanji ya Shire Highlands Railway, imene inatsegulidwa m'chaka cha 1908, inkachokera ku Blantyre, kudutsa ku Limbe ndi pa Luchenza m'boma la Thyolo, ndi kutsetsereka m'mbali mwa mtsinje wa Ruo mpaka ku Port Herald, kumene lero ndi ku Nsanje. Pamenepo waulendo ankakwera sitima yaing'ono ya pamadzi yotsika ndi mitsinje ya Shire ndi Zambezi kukafika ku Chinde, ndipo m'chilimwe madzi akaphwera sitimayo inkatitimira mumchenga. Ku Chinde sitima zikuluzikulu zinkaima kutali ndi gombe, kotero apaulendo ankawakweza m'dengu lalikulu lokokedwa ndi chingwe, Bwanamkubwa ndi kalaliki chimodzimodzi. Kuyambira m'chaka cha 1922 njanji inalumikizana ndi doko la Beira, ngakhale kuti anthu ankaolokabe Zambezi pa sitima ya pamadzi kufikira mlatho wa ku Dona Ana unatha m'chaka cha 1935. Kuchokera ku Beira munthu ankayamba wapita ku England, ndipo atafika kumeneko ankafuna malo m'sitima ina yooloka Atlantic. Ambiri opita ku Jamaica ankakwera sitima za kampani ya Elders and Fyffes, zimene ntchito yake yeniyeni inali kukatenga nthochi. Ulendo wonse unkapitirira mwezi. Woukonza ankalongedza zovala m'mabokosi achitsulo, ankatenga kwinini ndi neti yoteteza udzudzu, ndiponso ankawerengera nyengo ya namondwe, imene m'zilumbazo imayamba mu June ndi kutha mu November.

Mmodzi mwa oyamba kulumikiza maiko awiriwa anali Sir Harry Johnston, mtsogoleri woyamba wa boma la Atsamunda m'dziko muno kuyambira m'chaka cha 1891. Iyeyu ndiye anapereka kwa Azungu zikalata zotsimikiza kuti malo amene amati anagula kwa mafumu ndi awo. Mwa njira imeneyi gawo lalikulu la nthaka yachonde ya ku Thyolo, kumene Azungu ankalemba kuti Cholo, linagwera m'manja mwa anthu ochepa, monga Eugene Sharrer, amene malo ake pambuyo pake anasanduka a British Central Africa Company. Atapuma pa ntchito, Johnston anayendera America, Cuba, Haiti ndi Jamaica m'zaka za 1908 ndi 1909, nalemba buku lotchedwa The Negro in the New World, limene linatuluka m'chaka cha 1910.

Mbiri ya ku Jamaica imene iye anakaipeza sikanakhala yachilendo kwa munthu wa ku Thyolo. Ukapolo utatheratu m'chaka cha 1838, eni minda ya nzimbe anasowa antchito. Nzeru imene anapeza inali yolipiritsa lendi ya nyumba ndi ya timinda timene akapolo akalewo ankakhalamo kuyambira kale. Wogwira ntchito m'munda wa bwana ankamudula lendiyo pa malipiro, ndipo wokana ntchito ankamukwezera kapena kumuthamangitsa. Ambiri anasamuka nakagula timalo m'mapiri, ena mothandizidwa ndi abusa a mpingo wa Baptist, ndi kumanga midzi yawoyawo. Ku Trinidad eni minda anaitanitsa antchito ku India pa mgwirizano wa zaka zingapo, kuyambira m'chaka cha 1845 mpaka 1917.

Ku Thyolo nzeru yomweyo inadziwika ndi dzina lakuti thangata. Mawuwa kale ankatanthauza kuthandizana kwa pamudzi, koma pa esiteti anasanduka ntchito yolipirira malo okhala. Mwamuna ankagwira mwezi umodzi wa lendi ndi mwezi wina wa msonkho, ndipo mwezi wa pa tikiti ya kapitawo unkatalika kuposa mwezi wa kumwamba, chifukwa tsiku limene munthu sanamalize ndime silinkalembedwa. Ntchitoyo inkafunika kwambiri m'dzinja, pamene munda wa chimanga wa mwini wake unali kufunanso khasu. Amene anasenza katunduyu koposa anali Alomwe, omwe anayamba kulowa m'dziko muno mwaunyinji cha m'ma 1900 pothawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique. Popeza analibe malo a makolo kuno, analibenso kothawira. Khofi atakanika, ndipo tiyi atayamba kubzalidwa ku Thyolo m'chaka cha 1908, ndi manja awo amene anagwetsa nkhalango ndi kukumba maenje a mbande. Lamulo la m'chaka cha 1928 linalola kuti lendi ilipidwe ndi ndalama, ndi ntchito kapena ndi mbewu, koma linapatsanso mwini esiteti mphamvu yochotsa banja limodzi pa mabanja khumi aliwonse pakatha zaka zisanu, popanda kupereka chifukwa.

Omvera a ku Mchinji akudziwa kuti boma lawo kale linkatchedwa Fort Manning. Mwini dzinali, Sir William Manning, anali msilikali amene anatsogolera nkhondo yolimbana ndi Angoni a Mpezeni m'chaka cha 1898. Anakhala Bwanamkubwa wa Nyasaland kuyambira m'chaka cha 1911, ndipo m'chaka cha 1913 anasamutsidwira ku Jamaica. Kuno dzina lake linafufutidwa pa mapu, koma ku Kingston anyamata a sukulu za sekondale amalimbiranabe chikho cha mpira chotchedwa Manning Cup.

Manning ali pa mpando ku Kingston, m'chaka cha 1914, mnyamata wina wa ku St Ann's Bay, Marcus Garvey, anayambitsa bungwe la Universal Negro Improvement Association mu mzinda womwewo. Garvey anasamukira ku New York m'chaka cha 1916, nayamba kusindikiza nyuzipepala ya Negro World m'chaka cha 1918, yolalikira kuti Africa ndi wa anthu akuda. Iyenso anakonza ulendo, koma woyang'ana kuno. M'chaka cha 1919 anakhazikitsa kampani ya sitima za pamadzi, Black Star Line, ndi ndalama zosonkha anthu wamba, ndi cholinga chakuti anthu akuda a ku America, a ku Caribbean ndi a ku Africa aziyenderana ndi kuchita malonda pa sitima zawozawo. Sitimazo zinali zakale ndi zogulidwa mokwera mtengo. Zinafika ku Cuba, ku Jamaica ndi ku Panama, koma kampaniyo inagwa m'chaka cha 1922 isanatumize sitima ndi imodzi yomwe ku Africa, ndipo Garvey mwini wake anamwalira m'chaka cha 1940 asanapondepo nthaka ya Africa.

Nyuzipepala yake yokha ndiyo inafika. Inkabwera m'matumba a amalinyero ndi a anthu obwerera kuchokera ku ntchito kummwera. Pa doko la Cape Town, Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay anayambitsa bungwe la antchito la ICU m'chaka cha 1919, ndipo pakati pa atsogoleri ake panali amuna a ku Caribbean, monga James Gumbs, amene anakhala pulezidenti wa bungwelo. Boma la ku Zomba, limene linali lisanaiwale kuukira kwa John Chilembwe kwa m'chaka cha 1915, linaletsa Negro World m'chaka cha 1922. M'chaka cha 1926 Isa Macdonald Lawrence anagamulidwa kukhala m'ndende zaka zitatu akugwira ntchito yakalavulagaga chifukwa cholowetsa nyuzipepalayi m'dziko muno pamodzi ndi Workers' Herald ya bungwe la Kadalie. Bwanamkubwa ankayenda pakati pa Zomba ndi Kingston boma likumulipirira zonse, pamene pepala la munthu wakuda wa ku Jamaica linali mlandu wa zaka zitatu.

Abwanamkubwa anapitiriza kusinthana. Sir Harold Kittermaster anabwera kuno m'chaka cha 1934 kuchokera ku British Honduras, dziko la m'mphepete mwa nyanja ya Caribbean limene lero ndi Belize, ndipo anamwalira ali pa mpando m'chaka cha 1939. Amene iye anamulowa m'malo, Sir Hubert Young, anapita ku Northern Rhodesia, kenaka ku Trinidad m'chaka cha 1938. Kumeneko anapeza dziko lotentha ndi mkwiyo, pakuti chaka chapitacho antchito a m'zitsime za mafuta ndi m'minda ya nzimbe anali atanyanyala ntchito motsogozedwa ndi Uriah Butler, ndipo anthu anafa. Zipolowe zotere zinabukanso ku Barbados ndi ku Jamaica. Boma la Britain linatumiza gulu lofufuza lotsogozedwa ndi Lord Moyne, ndipo umphawi umene gululo linaupeza unathandiza kubala lamulo la m'chaka cha 1940 lopereka ndalama za chitukuko ndi umoyo wa anthu m'maiko onse a Atsamunda. Zina mwa ndalama zimene zinagwira ntchito ku Nyasaland itatha nkhondo yachiwiri zinachokera m'thumba limenelo, limene linatsegulidwa ndi mkwiyo wa odula nzimbe a kutsidya kwa nyanja.

Koma ulendo wa ku Caribbean umene unakhudza mlimi wa ku Thyolo pakhomo pake penipeni unali wa ophunzira. Ku St Augustine, pafupi ndi mzinda wa Port of Spain ku Trinidad, kunali sukulu ya ukachenjede wa ulimi wa m'maiko otentha, Imperial College of Tropical Agriculture, imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 1921. Mnyamata wa ku Britain wosankhidwa kukhala bwana wa zamalimidwe m'maiko a Atsamunda ankayamba watha chaka ku Cambridge, kenaka chaka china ku Trinidad, asanauzidwe dziko lopita. Ankaphunzira za nthaka, za tizilombo ndi za matenda a mbewu pakati pa minda ya koko ndi nzimbe, nadzafika kuno kudzalangiza anthu olima chimanga, nandolo ndi chinangwa. Mmodzi wa iwo anali Richard Kettlewell, amene anafika ku Nyasaland m'chaka cha 1934 nadzakhala mkulu wa dipatimenti ya zamalimidwe kuyambira m'chaka cha 1951 mpaka 1959.

Zaka zimenezo ndi zimene achikulire amazikumbukira ndi mawu amodzi okha akuti malimidwe. Malamulo a m'zaka za 1946 ndi 1949 anakakamiza mlimi aliyense kulima mizere yopingasa, kukumba migula, kuzula mapesi pa tsiku loikika ndi kuleka kulima m'mbali mwa mitsinje. Wolephera ankalipitsidwa, kuzuliridwa mbewu kapena kumangidwa. Maganizo amenewa sanachokere ku Trinidad kokha, pakuti mantha a kukokoloka kwa nthaka anafalikira kuchokera ku America ndi ku South Africa m'zaka za m'ma 1930, koma anthu owakwaniritsa anali ophunzira a ku St Augustine. Mizereyo payokha siinali yoipa, ndipo alimi ambiri amailimabe popanda wowaopseza. Cholakwika chinali chakuti ku Thyolo nthaka inkakokoloka chifukwa mabanja anapanikizidwa m'matsitso a mapiri, pamene malo aakulu a maesiteti anali chigonere osalimidwa. Maphunziro a ku Trinidad ankadziwa kuyeza kutsetsereka kwa munda, koma za mwini malo sankazikhudza.

Zonsezi zinaphulika mu August 1953, chaka chimene Nyasaland anakakamizidwa kulowa m'chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Chiyambi chake chinali chaching'ono. Pa esiteti ina ku Mangunda, kufupi ndi Luchenza, anthu ena anagwidwa powaganizira kuti aba malalanje, ndipo mphekesera inawanda kuti Azungu awapha. Makamu anasonkhana, mitengo inagwetsedwa m'misewu, mawaya a lamya anadulidwa, antchito anasiya kuthyola tiyi, ndipo anthu anakana lendi ndi malamulo a malimidwe. Zipolowezo zinafalikira m'maboma ena a m'chigawo cha kummwera, ndipo pamene zinkatha, boma linawerenga anthu 11 ophedwa. Pambuyo pake boma linafulumizitsa kugula malo kwa makampani ndi kusamutsirako mabanja, ngakhale kuti malo ena ogulidwawo anali ouma ndi akutali ndi madzi.

Thangata anathetsedwa ndi lamulo m'chaka cha 1962, chaka chomwecho chimene Jamaica analandira ufulu wodzilamulira pa 6 August ndi Trinidad pa 31 August. Malaŵi anatsatira pa 6 July 1964. Sukulu ya ku St Augustine inali itasanduka kale gawo la yunivesite ya maiko a ku West Indies m'chaka cha 1960, ndipo zaka za m'ma 1960 zisanathe akatswiri a ulimi a dziko lino anayamba kuphunzira kwawo konkuno, ku Bunda.

Njira yakale ija inaduka. Nkhondo ya ku Mozambique inatseka njanji ya ku Beira m'zaka za m'ma 1980, ndipo madzi osefukira anakokolola njanji ku Chiromo m'chaka cha 1997. Mwana wa ku Thyolo wokonza ulendo wa ku Kingston kapena ku Port of Spain lero amakwera ndege pa Chileka, nasintha ku Johannesburg kapena ku Addis Ababa, nasinthanso ku London kapena ku America, kumene amayenera kuyamba wapempha chilolezo chongodutsira. Ulendo umene unkapitirira mwezi tsopano umatha masiku awiri, koma ndege yolunjika kuchokera ku Malaŵi kupita ku zilumbazo palibe.