Mutu kapena manja: mkangano wa silabasi sunayambe lero

Silabasi yatsopano ikangotuluka ku Domasi, mu staff room mumadzaza madandaulo ngati kuti zayamba lero. Koma funso loti mwana aphunzire chiyani kuti adzakhale ndani lakhala likuvutitsa dziko lino kwa zaka zoposa 100. Poti phunziro langa ndi History, ndati ndikumbeko pang'ono.

Mu 1894 Dr Robert Laws anatsegula Overtoun Institution pa Khondowe, ku Livingstonia. Sukulu inali imodzi koma njira zinali zambiri: uphunzitsi, ubusa, ukalaliki, ukalipentala, zomangamanga, kusindikiza mabuku, zachipatala, ngakhale za telegalafu. Chingerezi ankachilimbikira kwambiri. Amishoni a Dutch Reformed, amene anayamba pa Mvera mu 1889 n'kudzakhazikika ku Nkhoma, ankaganiza mwina. Iwo ankafuna kuti mwana awerenge Baibulo m'Chinyanja, alime bwino, adziwe ntchito zamanja, ndipo akhale m'mudzi mwake. Choncho tsogolo la mwana linkatengera mishoni imene inafika kwawo. Wobadwira ku Rumphi ndi wobadwira ku Dedza ankayamba ulendo wosiyana asanalembe n'komwe "a".

Mu 1924 kunabwera bungwe la Phelps-Stokes kuchokera ku America, motsogozedwa ndi Thomas Jesse Jones, ndipo m'gulumo munalinso James Aggrey wa ku Gold Coast. Iwowa anabwera ndi nzeru za ku Hampton ndi Tuskegee, sukulu za anthu akuda kummwera kwa America, zoti maphunziro agwirizane ndi moyo wakumudzi: ulimi, ukhondo, ntchito zamanja. Mtima wawo unapendekera ku njira ya ku Nkhoma. Boma la atsamunda linakhazikitsa dipatimenti ya maphunziro mu 1926, kenaka Jeanes Training Centre ku Domasi, kumene aphunzitsi ankapita ndi akazi awo kukaphunzira kutukula midzi. Ku Domasi komweko n'kumene lero kuli Malawi Institute of Education, yotilembera masilabasi!

Musandimve molakwa. Ulimi si wonyozeka, tonsefe tinaphunzira ndi ndalama za fodya ndi mtedza. Chimene chimandiwawa n'chakuti anthu ena anakhala pansi n'kugamula pamene mwana wa munthu wakuda ayenera kulekezera. Umboni ndi uwu: amishoni a Livingstonia anafika mu 1875, koma sekondale yoyamba, Blantyre Secondary School, inatsegulidwa mu 1940. Zomba Catholic inatsatira mu 1942, Dedza mu 1951. Zaka 65 popanda sekondale.

Ndipo ana sankatsata nthawi zonse njira imene anawalambulira. Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay anaphunzira uphunzitsi ku Livingstonia. Choko sanachigwire nthawi yaitali. Anatsika kummwera, ndipo mu 1919 anayambitsa ICU ku Cape Town, bungwe la apantchito limene linagwedeza South Africa. Panalibe silabasi imene inamukonzekeretsa zimenezo. Chinamuthandiza n'chakuti ankatha kuwerenga, kulemba kalata ndi kuyankhula pagulu. Ndimamukumbukira munthu ameneyu ndikamva wina akunena kuti mwana wakumudzi safunika Literature.

Ufulu utabwera mu 1964, mkangano unangosintha malaya. Kamuzu analimbikitsa Agriculture m'sukulu, ndipo mu 1968 Chichewa chinakhala chiyankhulo cha dziko. Koma mwini wakeyo mu 1981 anatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama, kumene ana ochepa osankhidwa m'maboma onse ankaphunzira Latin ndi Greek. Khasu kwa ambiri, Latin kwa ochepa. Jones akanakhala moyo sakanadabwa kwenikweni.

Zotsatirazi ambiri tinaziona ndi maso. Mu 1994 pulayimale inakhala yaulere, ana anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Mu 1998 ma DEC anasanduka ma CDSS kuti alandire chigumula chimenechi. TEVETA inabadwa mu 1999, makoleji a ntchito zamanja m'madera anayamba mu 2015, chaka chomwenso silabasi yatsopano ya sekondale inayamba ku Form 1, Physical Science n'kugawidwa kukhala Physics ndi Chemistry.

Papepala ndi zabwino ndithu, mwana ali ndi maphunziro ambiri oti asankhe. Koma pa CDSS yopanda labu, yopanda magetsi, mphunzitsi wa sayansi ali m'modzi, amene amasankha si mwana. Amasankha ndi timetable. Computer Studies imathera pabolodi, Woodwork ndi Home Economics zimangomveka dzina. Mwana wa ku national secondary ndi wa ku CDSS amakumana pa MSCE imodzi ya MANEB, koma zitseko zimene anapatsidwa si zofanana.

Nkhani ya JCE nayo ndi yomweyi. Boma litalengeza mu 2015 kuti mayesowa atha, chifukwa chachikulu chinali ndalama. Ochepa anafunsa za mtsikana amene amalekera Form 2 chifukwa cha fizi, kuti atuluka ndi pepala lanji m'manja. Mayesowa anabwereranso mu 2021, koma amene anasiya sukulu m'zaka za pakatizo anapita opanda satifiketi ya sekondale. Ena mwa iwo ndi inu amene mukuwerenga pano.